Nthambi ya pa Thanthwe

1. Mithuthuthu itatu

Nkhani iyi anandiuza ndi mai Ottilia Banda, pakhonde la sitolo ina ku Katete, tsiku limene mvula inatitsekereza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anali okalamba kwambiri, ndipo ankayankhula uku akusenda mtedza m'chitenje. Bambo awo anali a Mateyo, amene mumve za iwo posachedwapa. Ine ndinalemba m'kabuku kanga monga ananenera. Pamene anaiwala ndinafunsa ena, ndipo pamene enawo sanadziwe ndasiya choncho.

Chinali chaka cha 1926, mwezi wa Febuluwale, chimanga chitamasula. Msewu waukulu umene mumakwerapo basi masiku ano kunalibe. Kunali tinjira ta miyendo, ndi misewu ingapo yolambula ndi makasu, imene nthawi ya dzinja inkasanduka ngalande za matope.

Panali mzungu wolima fodya amene anthu anamupatsa dzina loti Chipewa. Munda wake unali kufupi ndi mtsinje wa Katete, koma anali atatsegula wina kum'mawa, cha ku Vubwi, ndipo ankakhala kumeneko. Tsiku lina kunabwera kalata yoti njinga zake zamoto zitatu zipite kumunda watsopanowo sabata lomwelo, mvula kaya dzuwa. Njinga zimenezi anthu ankazitcha mithuthuthu, potsata kulira kwake.

Odziwa kuyendetsa analipo atatu basi.

Woyamba anali a Mateyo. Pa nkhondo ya Jeremani anawatenga kukanyamula katundu, ndipo kumeneko anathera pa ntchito yotsuka mithuthuthu ya asilikali oyenda ndi makalata. Anabwerako akudziwa kuimasula ndi kuimanganso, koma atachepetsa kuseka.

Wachiwiri anali Jackson, mnyamata wa cha ku Vubwi komweko. Anagwirapo ntchito kutali, kumzinda waukulu wa Walale, n'kubwerako ndi nsapato zachikasu ndi pakamwa posatopa. Njira ankaidziwa ndi iye yekha.

Wachitatu anali Ezara, mwana wa a Agatha, mlongo wawo wa a Mateyo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali, woonda ngati bango. Sukulu ya mishoni anailekezera panjira, ndipo kwa chaka chathunthu anakhala akupukuta masipanala a atsibweni ake ndi kuzungulira bwalo la fodya pa mthuthuthu. Ulendo wautali anali asanayendepo.

Jackson anatenga mthuthuthu watsopano. A Mateyo anatenga waukulu, n'kumangirira kumbuyo kwake bokosi la zitsulo ndi zigubu ziwiri za petulo, mwakuti unalemera ngati ng'ombe. Ezara anapatsidwa wakale, wakuda, chifukwa unali wopepuka. Koma unali ndi khalidwe lake loipa. Ukaima, injini inkazima pomwepo. Kuti ulirenso, munthu ankayenera kuukankha akuthamanga mpaka utsokomole, kenaka n'kudumphira pachishalo usanamuthawe. Pabwalo louma zinali zosavuta. M'matope palibe amene anali atayesapo.

2. Mawu a atsibweni

M'mawa wonyamuka, mitambo ili pansi, a Mateyo anaitanira Ezara kuseri kwa balani ya fodya. Anamupatsa chikwanje chachifupi choti amangirire pamthuthuthu wake, ndipo anamukhazika pachitsa.

"Tamvera, Ezara, ndinena kamodzi. Paulendo wa miyendo anthu sasocheretsana msanga, chifukwa wam'mbuyo amamva mnzake akutsokomola, amamva akuyankhula. Pachitsulo ichi ndiwe gonthi. Ukhoza kukuwa mpaka kukhosi kuuma, palibe angakumve. Ndiye lero pakamwa pathu ndi nthambi.

"Agogo ako popita kuuzimba, wotsogola akafika pamphambano ankathyola masamba aawisi n'kuika panjira imene sanadzere. Njira ya masamba ndi yotseka, salowamo. Ifenso tichita chimodzimodzi. Jackson akhala kutsogolo, ntchito yake n'kupeza njira. Ine ndikhala kumbuyo, chifukwa wina chikamuvuta ndimupeza ndili ndi zitsulo. Iwe uli pakati, ndipo wapakati ndiye amatseka.

"Ukafika pamphambano, ima. Tsika. Dula nthambi ndi chikwanje, yaikulu ngati mkono wako. Uigoneke ndi dzanja lako mopingasa panjira imene Jackson sanadzere. Uitsindike ndi mwala, kuti mphepo kapena madzi zisaisunthe. Ukatero dikira mpaka undimve ndikubwera, ndiye uzipita."

"Nanga ukazima, atsibweni?"

"Uzimadi. Ukankhe."



"Ndikuuze chinthu chimene ndinaona kunkhondo," a Mateyo anapitiriza. "Tinali onyamula katundu makumi atatu, titatsalira m'mbuyo. Munthu wotseka njira anatopa. Anali ndi bokosi pamutu, ndiye sanafune kutula n'kusenzanso. Anangokankha masamba ndi phazi akuyenda. Ife tinafika, masamba ali balalabalala, osadziwika kuti akutseka njira iti. Tinasankha molakwa. Tinayenda masiku anai kopanda madzi. Tinabwerako khumi ndi asanu ndi anai. Munthu ujayo sanali woipa ayi, ankatigawira fodya. Anangotopa basi.

"Tsono dziwa ichi. Ine ndikaona nthambi sindifunsa. Njira yotseka ikhale yotakata, yosalala ngati bwalo, sindilowamo. Imene wasiya yotsegula, ngakhale ikhale ya mbewa, ndilowa, chifukwa ndidziwa kuti mwana wa mlongo wanga waona zimene ine sindinaone. Wamva?"

"Ndamva, atsibweni."

A Agatha anabwera ndi mbatata zootcha m'kansalu n'kumulowetsa mwana wawo m'malaya.  "Achimwene, mubwere naye," anatero. A Mateyo anavula chipewa, anapemphera mwachidule, ndipo mithuthuthu inalira.

3. Matope

Kutangopita pang'ono, Ezara anazindikira kuti m'matope mthuthuthu suyenda pamene mwini wake akufuna. Tayala lakumbuyo linkapita kwake, lakutsogolo kwake. Miyendo anaitambasula uku ndi uku, zidendene zikukwekwereza pansi. Matope ochokera kwa Jackson ankamumenya kumaso, m'kamwa, m'makutu. Udzu wonyowa unkamukwapula m'mawondo. Sankamva china koma thu-thu-thu wa injini yake, mpaka mutu unachita dzanzi.

Mphambano yoyamba inali pafupi ndi munda wa mtedza, momwe amai anai ankapalira. Jackson anadzera kumanzere. Ezara anaima, injini inazima. Anatsika, anadula nthambi, anaigoneka panjira ya kumanja, anaitsindika ndi mwala. Anadikira mpaka anamva mthuthuthu waukulu ukubuula chapatali. Zonse anachita monga anamuuzira.

Kenaka anayamba kukankha.

Anathamanga, mapazi anaterereka, anagwada. Anadzuka, anathamanganso. Tayala linangokwekwereza osazungulira. Kachitatu injini inatsokomola, iye anadumpha, anaphonya chishalo n'kugwa chafufumimba. Mthuthuthu unayenda wokha mapazi asanu n'kugona m'mbali mwa njira.

Amai aja anasiya makasu.

"Taonani, anzanga, yakana mwini wake!"

"Ipatseni madeya, bambo, mwina ili ndi njala!"

"Iyayi, muinyengerere. Muiuze kuti kumene mukupita kuli yaikazi!"

Anaseka mpaka wina anakhala pansi pamzere. A Mateyo anafika, anaimika wawo, anagwira kumbuyo kwa wa Ezara n'kukankha naye. Unalira pa ulendo wachisanu ndi chimodzi.

Pamphambano yachiwiri zinali zomwezo, kungoti kunalibe amai. Kunali Jackson, amene anabwerera kudzaona chimene chikuchedwetsa anzake. Anakhala pachishalo manja atapinda, n'kuyamba kumuseka Ezara ndi dzina la sukulu yake ija.

"Aphunzitsi, kodi mwabwera kudzakwera kapena kudzalima? Mzere mwaunga apawu tingabzalepo mbatata."

"Thandizeni, a Jackson."

"Ndithandize ndi nsapato izi? Ku Walale mwana wa mzungu wa zaka khumi amauliza ndi dzanja limodzi, kwinaku akudya buledi."

"Jackson," anatero a Mateyo akufika, "tsika ukankhe."

Jackson anatsika. Koma ulendo wonse wotsatira, akaima pena paliponse, ankatembenuka n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mbewu mwanyamula?"

Pofika masana Ezara anamva njala. Mbatata zija anazipeza zitaphwanyika m'malaya, zitasakanikirana ndi dothi. Anazidya choncho.

4. Tsidya la dambo

Dzuwa litapendeka anafika pa dambo lalikulu. Apa panalibe zokwera. Anadula timitengo n'kuyala m'malo ozama, ndipo anakankha mithuthuthu umodziumodzi, madzi ali m'ntchafu. Wa Jackson unaoloka, wa Ezara unaoloka. Wa a Mateyo, polemera, unamira mpaka injini, ndipo atautulutsa lamba woyendetsa tayala anali atanyowa n'kuyamba kuterereka.

A Mateyo anagwada n'kutsegula bokosi. Anayang'ana kumwamba. Kum'mawa kunali kutada bii.

"Tsogolani. Ndifupikitsa lambayu, ndikupezani. Mvula iyo ikatipeza tonse pano, mitsinje ya kutsogoloku itidzadzira."

Awiriwo anapita. Patsogolo pang'ono anakumana ndi bambo wina atasenza nsungwi, ndipo Jackson anaima kuti afunse za njira. Ezara anachita mwayi, panali potsetsereka, ndiye anaima pamwamba pake. Bamboyo anayankhula nthawi yaitali akuloza ndi chibwano. Atapita, Jackson anabwera pafupi, ndipo ulendo uno sanaseke.

"Tamvera, iwe. Kutsogoloku kuli thanthwe lalikulu, njira igawikana pamwamba pake. Ya kumanzere ndiyo yaikulu, ndimadzera imeneyo masiku onse, koma akuti ulalo wake unapita ndi madzi mwezi watha. Patsala chigwembe chokha, ndipo sichioneka mpaka utafika. Ife tidzera kumanja, kukwera chitunda. Pathanthwe matayala sasiya mkwaso, akuluwo sadzaona kumene tadzera. Ukatseke kumanzere. Wamva?"

"Ndamva."

"Usakalime pamenepo. Ukatseke."

Madontho oyamba anagwa akunyamuka.

5. Pa thanthwe

Mvula inabwera yamphamvu, yamphepo. Ezara ankaona msana wa Jackson ngati chithunzithunzi, kenaka osauonanso. Dothi lofiira linatha mwadzidzidzi, matayala anagunda mwala. Thanthwe linali lalikulu ngati bwalo la sukulu, ndipo madzi ankayenderera pamwamba pake ponseponse.

Njira ziwiri zija zinaonekera. Ya kumanzere inali yotakata, yotsetsereka bwino. Ya kumanja inali yopapatiza, yolowa m'mitengo n'kuyamba kukwera pomwepo, dothi lake lofiira, loterera ngati sopo. Pamwamba pa chitundacho utsi wa Jackson unali ukuzimirira.

Poimapo panalibe pabwino. Akaima pathanthwe, ndiye kuti adzakankha pamwala woterera, kenaka chokwera, ali yekha, mvula ili pamsana. M'mawa uja anali ndi mphamvu ndipo anagwa kasanu. Tsopano zala zake zinali zitauma pa zogwirira.

Injini inkalira bwino. Tsiku lonse inali isanalirepo bwino chotere.

Polowera njira ya kumanja panali mtengo wa mombo, nthambi zake zitawerama ndi madzi. Ezara sanaime. Anachotsa dzanja lamanzere, anagwira nthambi imodzi n'kukoka. Inathyoka, inang'ambika ndi khungwa lake. Anaiponya cham'mbuyo, chakumanzere, ndi mphamvu zonse zimene zinatsala. Mthuthuthu unapepeluka, iye anagwiranso msanga, anapondaponda pansi, ndipo unayamba kukwera.

Sanacheuke.

6. Kudikira

Pamwamba pa chitunda panali kamudzi ka nyumba zisanu ndi zitatu. Anthu anatuluka kudzaona zitsulo zolira, ndipo mwini nyumba ina anawaitanira pakhonde. Anawapatsa mphasa. Mvula inayamba kuchepa.

"Watseka?" anafunsa Jackson akukhutula madzi m'nsapato.

"Ndatseka."

"Lero wauliza msanga, aphunzitsi. Wayamba kukula. Mwala waika?"

Ezara anayang'ana dzanja lake lamanzere. M'chikhatho munali mkwaso wofiira pamene khungwa linamukwalula.

"Ndatseka," anatero.

Anakhala. Mayi wa panyumbapo anawaotchera chimanga chachiwisi. Jackson anadya chake, anafotokozera amuna a m'mudzimo za magetsi a ku Walale ndi nyumba zosanjikizana, iwo akupukusa mitu. Ana ankagwira matayala n'kuthawa. Ezara anagwira chimanga chake mpaka chinazizira.

Madzi ankadontha kuchokera kudenga. Nkhuku zinatuluka pansi pa nkhokwe. Nkhani za Jackson zinayamba kufupika, kenaka zinatha. Anaimirira, anapita kumapeto kwa bwalo n'kutchera khutu. Kunali zii.

"Lamba satenga nthawi yonseyi," anatero.



Pamenepo kunatulukira mayi wina wochokera kuthengo, dengu la bowa lili pamutu. Ataona mithuthuthu iwiri pabwalo anaima.

"Kodi iwiri ili kuno? Nanga uja watsikira ku ulalo wakale ndi wa yani? Ndaumva ine ndili m'munsimu. Unalira, unalira, kenaka phuu, n'kukhala chete. Ndimati mwina eni ake azimitsa."

Jackson anathamanga osavala nsapato. Amuna asanu ndi mmodzi anatenga nkhwangwa n'kumutsogolera panjira yachidule yodzera m'minda. Ezara anaika chimanga chija pamphasa bwinobwino, n'kuwatsatira.

7. M'chigwembe

Fungo la petulo linawapeza asanafike. Njira yaikulu ija inkakhota kuseri kwa chulu, n'kutha. Kutsogolo kwake kunali chigwembe chakuya kuposa anthu awiri, ndipo mitengo iwiri ya ulalo inali lende tsidya linalo. Pamphepete panali mizere iwiri yaitali, pamene zidendene za munthu zinayesa kugwira dothi.

A Mateyo anali pansi, chagada, mutu atautsamiritsa pabokosi la zitsulo. Madzi ofiira ankawadutsa pachifuwa. Mthuthuthu unawagonera pamwendo wamanja.

Anatsegula maso.

"Mwafika," anatero, ngati munthu wolandira alendo pakhomo.

Amuna aja anadula mitengo iwiri, anailowetsa pansi pa injini n'kutukula. Jackson anawakoka m'khwapa. A Mateyo sanalire. Anadzutsa mutu, anayang'ana mwendo wawo kuyambira pabondo kutsika, nthawi yaitali ndithu.

"Jackson, chotsa lamba uyo, umange apa, pamwamba pa bondo. Limbitsa. Limbitsanso." Anapuma. "Yotere ndinaiona kunkhondo. Uwu watha."

"Musatero, akulu, kumishoni akakonza."

"Akadula. Limbitsa."

Ezara anaima m'madzi mpaka m'mawondo. Palibe anamutuma kanthu. Bokosi lija linali litatseguka, ndipo masipanala anali mbwee m'matope. Anawerama n'kuyamba kuwatola limodzilimodzi. Lililonse ankalitsuka, kulipukuta ndi malaya, n'kuliika pamalo pake m'bokosi, laling'ono kumanzere, lalikulu kumanja. Limodzi linasowa. Analifunafuna ndi zala m'matope mpaka analipeza.

Amuna awiri anathamangira kumudzi n'kubwera ndi bulangete ndi nsungwi yaitali. Akumanga machila, Jackson anagwada pafupi ndi wovulalayo.

"Koma akulu, mwatsikira kuno bwanji? Njira iyi inali yotseka."

"Ndadzera yotsegula."

"Yotsegula?"

"Nthambi inali kumanja. Ndinadabwa, chifukwa ndinkamva ngati fungo la utsi kumeneko. Koma nthambi inali kumanja."

Jackson anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana amuna a m'mudzi aja mmodzimmodzi.

"Mnyamatayu anatseka kumanzere. Ndamufunsa kawiri. Ndiye ndani wasuntha nthambi? Ndani wadutsa pathanthwe mvula ikugwa? Mukudziwa kuti chitsulo ichi n'cha mzungu? Mukudziwa kuti nkhaniyi ikafika ku boma?"

Amunawo anasiya kumanga. Wamkulu mwa iwo, wa imvi m'ndevu, anaomba m'manja mofatsa.

"Bambo, ife tinali m'nyumba, mwatipeza nokha. Tabwera kudzathandiza. Musatisenzetse mlandu wa mzungu, mudzi wathu ndi waung'ono."

"Nthambi siyenda yokha!"

"Jackson," anatero a Mateyo maso ali chitsinzinire, "ndinyamuleni kaye."

Ezara anatseka bokosi n'kukoweka kachitsulo kake.

8. Nthambi

Njira yachidule ija inali yoimirira, machila sakanadutsamo. Anagwirizana zokwera ndi njira yaikulu mpaka pathanthwe, kenaka kubwerera kumadzulo, kumene kunali chipatala cha mishoni, ulendo wa tsiku ndi theka. Ezara anauzidwa kuti atsogole, azichotsa mitengo yogwa m'njira.

Anayenda. Miyendo inkapita yokha. Kumbuyo kwake onyamula machila ankaitanizana motsitsa mawu kuti mapazi agwirizane, ndipo pang'ono ndi pang'ono anawasiya patali.

Anafika pathanthwe ali yekha. Mvula inali itakata, mwala ukutuluka nthunzi. Njira ya kumanzere, imene anachokera, inali pululu, popanda ngakhale tsamba.

Nthambi inali polowera njira ya kumanja, pansi pa mombo womwe uja. Mphepo inaibweza, ndipo inagona mopingasa, mowongoka bwino, ngati waigoneka ndi munthu wosamala. Mwala panalibe. Kutsinde kwake kunalibe bala la chikwanje. Kunali kong'ambika, ndi luzi lalitali lili lende.

Ezara anaitola. Inali yopepuka. Thengo linali mapazi awiri kuchokera pamene anaima, udzu wake wofika m'mapewa. Mawu a onyamula machila anayamba kumveka kuseri kwa mitengo.

Mai Ottilia akuti anaibwezera pamalo pomwepo, mopingasa monga anaipezera, n'kukhala pansi pamwala pambali pake.

Machila anatulukira. Jackson anali kutsogolo, ndipo anaima chilili.

"Tsitsani," anatero a Mateyo. "Ndipatseni iyo."

Wa imvi m'ndevu uja anaitola n'kuwapatsa. A Mateyo sanayang'ane masamba. Anatembenuza kutsinde, anapapasa ndi chala chachikulu pong'ambika paja, anakoka luzi lija pang'ono. Kenaka anakweza maso kuyang'ana mombo, pamene panali bala loyera, pamsinkhu wa munthu wokhala pachishalo. Onse anayang'ana komweko. 

"Inu eni mudzi mulibe mlandu," anatero a Mateyo. "Jackson, wamva? Ukalemba kalata kwa Chipewa, anthu awa usawatchule, koma kuti anandinyamula."

"Ndamva, akulu."

"Ezara."

"Atsibweni."

"Imirira."

Anaimirira.

"Ine pano sindikufunsa kanthu, mphamvu ndilibe. Machila awa akhotera kumishoni, iwe supita nawo. Upite kwathu ndi miyendo, ukafike mawa. Ukauze amako ndi akazi anga kumene andipititsa, abwere ndi ufa ndi zofunda. Amako akakufunsa kuti zatani. Amafunsa kwambiri, ndimawadziwa, tinayamwa bere limodzi. Ine sinditumiza mawu alionse. Ukayankha wekha."

Anaika nthambi ija pambali pawo m'bulangete, ndipo amuna anatukula nsungwi.

Ezara anatsika pathanthwe n'kulowa njira ya kumadzulo. Mikwaso itatu ya matayala inali ikuonekabe m'dothi, itadzaza madzi. Anayenda pakati pake. Kutsogolo kunali dambo, kenaka mphambano ziwiri zimene anatseka bwino, kenaka khomo la amake.

Pamenepa mvula ya ku Katete ija inakata, mai Ottilia anakutumula chitenje, ndipo za pakhomopo anandiuza tsiku lina. Koma pali chimodzi chimene sindinavomereze. Iwo pathanthwe panalibe, anali mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anamva kwa bambo awo, ndipo bambo awowo anafika mochedwa, ali chigonere m'machila, komanso mwana wa mlongo wawo ankamukonda. Zoti Ezara anabwezera nthambi ija mwa kufuna kwake, ine ndikukayika. Ndikuganiza kuti machila anangomupeza asanaitaye.